Malangizo Ogwiritsira Ntchito Mapulogalamu a Mapu pa Kompyuta pa Ntchito ya Mafuta ndi Gasi

Pulogalamu ya mapu, kaya ndi QGIS, ArcGIS Pro kapena Global Mapper, imajambula chilichonse chimene mwaipatsa popanda kufunsa ngati manambalawo ndi oona. Mukaipatsa malo a chitsime cha mafuta olakwika ndi mamita 200, kadontho ka chitsimecho kamaonekabe bwinobwino pa sikirini, ndipo palibe chenjezo lililonse limene limatuluka. Pa ntchito zina kuphonya kotereku sikuvulaza aliyense, koma pa ntchito ya mafuta ndi gasi mapu ndi amene amauza anthu pobowola, podutsitsa paipi, poponya nangula wa sitima ndiponso pamene malire a chilolezo cha kampani athera. Chitsime chimodzi cha m'nyanja yakuya chimadya madola mamiliyoni ambiri, choncho luso lenileni pa ntchitoyi silili pa kudziwa mabatani onse a pulogalamu, koma pa kudziwa kumene nambala iliyonse yachokera musanailole kulowa pa mapu anu.

Funsani kaye za datum

Manambala a latitude ndi longitude paokha sakwanira kusonyeza malo. Dziko lapansi si lobulungira ndendende, ndipo akatswiri oyeza malo a m'mayiko osiyanasiyana anapanga miyeso yawoyawo ya maonekedwe ake, uliwonse womangirizidwa pa malo ake oyambira. Muyeso wotere ndi umene umatchedwa datum. GPS imagwiritsa ntchito WGS 84, koma zitsime zambiri zinabowoledwa GPS isanafale, ndipo ngakhale zatsopano zimalembedwabe motsatira datum imene boma la dzikolo linasankha kalekale. Ku North Sea anthu amagwiritsa ntchito ED50, ku Gulf of Mexico NAD27, ku Nigeria Minna, ndipo ku Angola Camacupa. Malo amodzi omwewo ku North Sea akalembedwa mu ED50 ndi mu WGS 84, manambala ake amasiyana ndi mtunda woposa mamita 100.

N'chifukwa chake kaundula wa EPSG, mndandanda wa miyeso yotereyi umene mapulogalamu ambiri a mapu amadalira masiku ano, anayambitsidwa ndi anthu a makampani a mafuta. Gulu la European Petroleum Survey Group linayamba kusonkhanitsa miyeso imeneyi m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2005 ntchitoyo inalowa m'manja mwa bungwe la makampani a mafuta ndi gasi limene lero limatchedwa IOGP. Zolowerani kutchula dongosolo la ma coordinate (manambala osonyeza malo) ndi nambala yake ya EPSG m'malo mwa dzina lokha: 4326 ndi WGS 84, 4230 ndi ED50, 4267 ndi NAD27, ndipo 23031 ndi ED50 ya UTM zone 31N (UTM ndi dongosolo lolemba malo m'mamita, logawidwa m'zigawo). Munthu akakutumizirani fayilo n'kunena kuti ili mu UTM 31, sanakuuzeni zokwanira, chifukwa UTM 31 ilipo ya ED50 ndipo ilipo ya WGS 84. Mubwezereni funso, ndipo musayambe ntchito yankho lisanabwere.

Pali zida ziwiri zimene anthu ongoyamba kumene amazisokoneza kawirikawiri. Mu ArcGIS Pro zimatchedwa Define Projection ndi Project, pamene mu QGIS ndi Assign Projection ndi Reproject Layer. Choyamba chimangouza pulogalamu dongosolo limene manambala alimo kale ndipo sichisintha nambala ngakhale imodzi, pamene chachiwiri chimawerengera manambala atsopano m'dongosolo lina. Mukagwiritsa ntchito choyamba pofuna kuchita ntchito ya chachiwiri, mwangomata dzina labodza pa fayilo, ndipo aliyense amene adzailandire pambuyo panu adzalikhulupirira. Komanso pochoka pa datum ina kupita pa ina pamakhala njira zingapo zowerengera, osati imodzi. Pakati pa ED50 ndi WGS 84 kaundula wa EPSG ali ndi njira zambiri, iliyonse ya dera lake: m'madzi a United Kingdom ya nambala 1311 ndi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri, pamene Norway ili ndi ina ya kumpoto kwa latitude 62 ndi ina ya kum'mwera kwake. Pulogalamu ikasankha yokha, ingathe kutenga njira yosiyana ndi imene anzanu anatenga, ndipo mapu anu adzasiyana ndi awo ndi mamita angapo popanda wodziwa chifukwa. Sankhani njira imodzi pa polojekiti yonse, ilembeni, ndipo mutsegule mbali imene imachititsa pulogalamu kufunsa nthawi iliyonse pamene pali njira zoposa imodzi.

Njira yabwino yodziyesera ndiyo kukhala ndi malo amodzi kapena awiri amene manambala ake mukuwadziwa motsimikiza m'madongosolo onse awiri, monga nsanja ya m'nyanja yokumbirapo mafuta imene inayezedwa ndi akatswiri, n'kumawadutsitsa m'pulogalamu yanu musanasinthe mafayilo ena onse.

Poyezera mtunda ndi kukula kwa malo

Zithunzi za mapu zochokera pa intaneti zimene timaika pansi pa ntchito yathu pafupifupi zonse zili mu Web Mercator, EPSG 3857. Dongosolo limeneli ndi labwino poonera basi. Likamatalikira ku ikweta limakokomeza mtunda, moti pa latitude 60, kumene kuli minda ya mafuta ya kumpoto kwa North Sea, mtunda umaoneka wowirikiza kawiri ndipo kukula kwa malo kumawirikiza kanayi. Musayezere chilichonse m'dongosolo limeneli. Musajambulenso malire ozungulira nsanja pa fayilo imene ili m'madigiri, chifukwa mukalemba 500 poganiza kuti ndi mamita 500 a malo otetezedwa amene malamulo a panyanja amalola, chida china chingawerenge madigiri 500.

UTM imagawa dziko m'zigawo 60, chilichonse cha madigiri 6, ndipo imathandiza kwambiri malinga ngati ntchito yanu ili m'chigawo chimodzi. Komabe nayonso si yangwiro: pa mzere wapakati pa chigawo mtunda wa pa mapu umachepa, chifukwa umachulukitsidwa ndi 0.9996, kutanthauza masentimita 40 pa kilomita iliyonse. Pa paipi ya makilomita 100 yoyenda pafupi ndi mzerewo kusiyanako ndi mamita 40, ndipo wogula mapaipi amafuna kudziwa zimenezo. Mapulogalamu onse atatu aja amatha kuyeza mtunda weniweni wa pa nkhope ya dziko, choncho yang'anani njira imene chida chanu choyezera chaikidwapo. Kum'mwera kwa ikweta manambala a northing, osonyeza mtunda wolowera kumpoto, amawonjezeredwa mamita 10,000,000, ndipo chitsime chikatulukira mbali ina ya dziko, kawirikawiri vuto limakhala loti mwasankha chigawo cha kumpoto m'malo mwa cha kum'mwera.

Polowetsa manambala ochokera m'matebulo

Zolakwa zambiri zimalowera pa khomo la Excel ndi mafayilo a matebulo a CSV. Malipoti akale a zitsime amalemba malo m'madigiri, maminiti ndi masekondi, ndipo wolemba wopupuluma amatenga madigiri 5 ndi maminiti 30 n'kulemba 5.30 m'malo mwa 5.50. Kusiyana kwa 0.2 kumeneko ndi makilomita pafupifupi 22. Ndi bwino kusunga m'mutu miyeso iyi: digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, miniti imodzi ndi mamita pafupifupi 1,852, ndipo sekondi imodzi ndi mamita pafupifupi 31. Zimenezi zimakuuzaninso kuchuluka kwa chikhulupiriro chimene mungaike pa nambala. Malo olembedwa mpaka pa sekondi yathunthu sangakuuzeni zolondola kuposa mamita makumi angapo, ngakhale pulogalamu itawasandutsa nambala yaitali ya madesimo 8.

Excel imasinthanso zinthu mwakachetechete. Nambala ya API, imene imazindikiritsa chitsime chilichonse ku United States, imayamba ndi manambala awiri a boma la chigawo, ndipo ya California ndi 04 pamene ya Colorado ndi 05. Excel imachotsa ziro woyambayo, ndipo ikaona nambala ya API ya madijiti 14 imaifupikitsa m'njira imene imataya madijiti omaliza fayilo ikasungidwa ngati CSV. Mayina a mabuloko (madera a m'nyanja amene boma limaperekera zilolezo) a ku Norway monga 2/4, kumene kuli munda wa mafuta wa Ekofisk, kapena 15/9, imawasandutsa madeti. Mukadzafuna kulumikiza tebulo la zokolola za zitsime ndi mapu a zitsimezo, mizere yambiri idzakana kugwirana. Choncho dzina kapena nambala yozindikiritsa chitsime ikhale mawu nthawi zonse, osati nambala yowerengera, ndipo mukalumikiza matebulo werengani mizere imene yatsala yopanda mnzake. Kumbukiraninso kuti X ndi easting (mtunda wolowera kum'mawa) kapena longitude, pamene Y ndi northing kapena latitude, ngakhale kuti polankhula timayamba ndi latitude.

Mafiti nawo ali pawiri. Pali fiti ya mayiko onse ya mamita 0.3048 ndiponso US survey foot, imene ndi 1200 kugawa ndi 3937 ya mita. Zimasiyana ndi magawo awiri okha pa miliyoni, koma manambala a northing ku Gulf of Mexico amafika mafiti 10,000,000, ndipo pamenepo kusiyanako kumakhala mafiti 20. Boma la United States linasiya kuvomereza US survey foot pa ntchito zatsopano kumapeto kwa 2022, koma mafayilo akale ambiri akadali momwemo.

Chitsime si kadontho

Pa mapu ambiri chitsime chimaoneka ngati kadontho kamodzi, chikhalirecho chitsime chopindika kapena chogona chingathe kuthera makilomita angapo kutali ndi pamene chinayambira. Dziwani ngati manambala amene mwalandira ndi a pamwamba, a pansi penipeni, kapena a pamene chitsime chinalowa m'thanthwe losunga mafuta. Pa mapu a malo omanga ndi a chitetezo mukufunika a pamwamba, koma pa mapu a thanthwe la pansi mukufunika a pamene chitsime chinadutsa thanthwelo. Kusakaniza ziwirizi kumabala mapu okongola amene sakunena zoona. Ndimaona kuti ndi bwino kusunga zinthu zitatu padera: madontho a pamwamba, madontho a pansi, ndi mzere wa njira ya chitsime, zonse zolumikizidwa ndi nambala imodzi yozindikiritsa.

Njira ya chitsime imawerengedwa kuchokera ku tebulo la deviation survey, limene lili ndi kutalika koyezedwa motsatira dzenje, kupendekeka kwake, ndi mbali imene likulowera. Njira yowerengera imene makampani ambiri amavomereza ndi minimum curvature. Apa funso lalikulu ndi lakuti: mbali imene dzenje likulowera inayezedwa kuchokera kumpoto kuti? Kulipo kumpoto kwenikweni, kumpoto kwa maginito, ndi kumpoto kwa mizere ya pa mapu. Kumpoto kwenikweni ndi kwa pa mapu kumagwirizana pa mzere wapakati pa chigawo cha UTM ndi pa ikweta pokha, ndipo kumasiyana kwambiri mukamayandikira m'mphepete mwa chigawo komanso mukamatalikira ku ikweta. Pa latitude 60, m'mphepete mwa chigawo, kusiyanako ndi madigiri pafupifupi 2.6. Chitsime chimene chayenda mamita 2,000 cham'mbali chidzathera mamita pafupifupi 90 kutali ndi malo ake enieni ngati kusiyanaku sikunakonzedwe, ndipo chimodzimodzinso ngati kunakonzedwa kawiri, zimene zimachitika pamene wobowola anakonza kale koma sanalembe. Kumpoto kwa maginito kumasuntha chaka ndi chaka, motero pamafunikanso deti limene muyeso unatengedwa. Pa nsanja imene zitsime zambiri zimatuluka pamalo amodzi, mamita 90 ndi okwanira kuchititsa kuti chitsime chatsopano chigunde chakale.

Kuya kulinso ndi poyambira pake. Obowola amayeza kuchokera pa kelly bushing, chitsulo chimene chimazunguza paipi yobowolera, kapena pa tebulo lozungulira la makina obowolera, limene pa nsanja ya m'nyanja limakhala mamita makumi angapo pamwamba pa madzi. Pojambula mapu a thanthwe mukufunika kuya kolunjika pansi kochokera pa mlingo wa nyanja, kumene kumalembedwa TVDSS. Onetsetsani kuti kutalika kwa kelly bushing kwachotsedwa, ndipo gwirizanani ndi anzanu ngati kuya kukhale nambala yokhala ndi chizindikiro chochotsera kapena ayi, chifukwa pulogalamu ina imayembekezera kuti pansi ndi nambala yochotsera pamene ina imayembekezera zosiyana.

Mukafuna kujambula mizere ya kuya kwa thanthwe kuchokera pa zitsime zochepa, zida zoyerekezera manambala pakati pa madontho, monga IDW ndi kriging, zimakupatsani chithunzi msanga, koma sizidziwa kuti pakati pa zitsime ziwiri pali mng'alu umene unatsitsa mbali imodzi. Ntchito imeneyo ndi ya mapulogalamu monga Petrel, Kingdom kapena OpendTect. Ngati mwaichitabe m'pulogalamu ya mapu, dulani chithunzicho kuti chisapitirire kutali ndi zitsime zakunja, ndipo zitsimezo zionekere pamwamba kuti woona adziwe pamene pali umboni ndi pamene pali kungoyerekeza.

Malire a zilolezo

Mabuloko a m'nyanja kawirikawiri amalembedwa m'malamulo motsatira mizere ya latitude ndi longitude. Ku United Kingdom bwalo la digiri imodzi limagawidwa m'mabuloko 30, ndipo ku Norway m'mabuloko 12. Mzere wa latitude ndi wokhota ukajambulidwa mu UTM, koma pulogalamu imangosuntha ngodya ziwiri n'kuzilumikiza ndi mzere woongoka. Pa latitude 60, mzere wotalika digiri imodzi ya longitude umaphonya malire enieni ndi mamita pafupifupi 100 pakati pake. Mankhwala ake ndi osavuta: musanasinthe dongosolo, wonjezerani madontho ambiri m'mbali mwa buloko pogwiritsa ntchito chida cha Densify, fayilo ikadali m'madigiri a datum yake yoyambirira. Pamene munda wa mafuta wadutsa malire a zilolezo ziwiri, magawo a eni ake amadalira mzere umenewu, ndipo mawu a m'chikalata cha chilolezo ndi amene ali ndi mphamvu kuposa fayilo iliyonse yotengedwa pa intaneti.

Mizere ya seismic ndi mapu akale

Mafayilo a SEG-Y, amene amakhala ndi deta ya seismic (kuunika matanthwe a pansi ndi mafunde a phokoso), amasunga malo m'mutu wa trace iliyonse, kutanthauza muyeso wa pa malo amodzi, ngati manambala athunthu, ndipo pa mabayiti 71 ndi 72 pamakhala nambala youza mmene muwachulukitsire kapena kuwagawira. Ikakhala -100, gawani ndi 100. Mizere ya seismic ikatulukira kutali kwambiri ndi dera lanu, yambani mwayang'ana pamenepo. Werenganinso mutu wa mawu wa mabayiti 3,200 umene uli koyambirira kwa fayilo, chifukwa nthawi zambiri ndi mmene mokha mmene datum inalembedwa. Ngati fayilo ya malo ya P1/90 kapena P1/11 ilipo, ikhulupirireni kuposa manambala a m'mutu wa SEG-Y, amene angakhale atasinthidwa ndi anthu ambiri m'njira. Pa seismic ya 3D, pemphani manambala a ngodya zitatu kapena zinayi pamodzi ndi inline ndi crossline zake (manambala a mizere yoyenda m'litali ndi yopingasa), ndipo muwerengere nokha kukula kwa bin, kabokosi kapakati pa mizereyo, kuti muone ngati kukugwirizana ndi lipoti.

Mapu a papepala amene ajambulidwa ndi sikana amangirizeni pa mphambano za mizere ya ma coordinate imene inasindikizidwa pa pepalalo, m'dongosolo la mapuwo, ndipo musinthe dongosolo pambuyo pake. Madontho omangirira amwazikane pa pepala lonse. Nambala yaing'ono ya RMS, yosonyeza kuphonya kwa madonthowo, isakunyengeni, popeza madontho atatu okha amapereka ziro nthawi zonse pa njira yosavuta ya affine, ngakhale limodzi mwa iwo litalakwika. Pa mapu a 1:250,000, mzere wa pensulo wonenepa milimita imodzi ndi mamita 250 pansi, ndipo chilichonse chotengedwa pamenepo chilembedwe kuti chinachokera pa pepala.

Mapaipi

Anthu a mapaipi satchula malo ndi latitude, amatchula KP, kutanthauza makilomita kuchokera poyambira paipi. Kuti lipoti la dzimbiri kapena la malo okonzedwa ligwere pamalo oyenera, mzere wa paipi uyenera kukhala ndi miyeso ya M, yosonyeza mtunda motsatira mzerewo, ndipo miyesoyo imangirizidwe pa zinthu zodziwika monga mavavu ndi podutsa misewu, chifukwa kutalika kwa paipi yokwera ndi kutsika mapiri kumaposa kutalika kwa mzere wa pa mapu. Siyanitsaninso njira imene inakonzedwa pa pulani ndi njira imene paipi inaikidwadi. Posankha njira koyambirira, SRTM ndi Copernicus GLO-30, deta za kukwera ndi kutsika kwa nthaka za mabokosi a mamita pafupifupi 30, zimathandiza pamtunda, ndipo GEBCO imapereka chithunzi cha pansi pa nyanja, koma bokosi lililonse la GEBCO ndi lalikulu mamita oposa 400 ku ikweta, choncho siingaonetse chigwembe chimene chingasiye paipi ili lende.

Kusunga mafayilo ndi kutulutsa mapu

Shapefile, mtundu wakale wa fayilo ya mapu, ikadali paliponse, koma ili ndi malire amene amapweteka pa ntchitoyi: dzina la danga la m'tebulo silipitirira zilembo 10, mawu sapitirira zilembo 254, fayilo siipitirira 2 GB, ndipo kafayilo ka .prj kakatayika dongosolo la ma coordinate latayika nako. Madanga awiri a kuya amene mayina awo amayamba mofanana amadulidwa mpaka osadziwikanso kuti lina ndi liti. GeoPackage kapena file geodatabase zimapewa zonsezi. Mafayilo amene mwalandira asungeni m'foda yawo osawakhudza, gwirani ntchito pa makope, ndipo pa fayilo iliyonse lembani kumene inachokera, deti, dongosolo loyambirira ndi njira imene munasinthira. Ntchito yobwerezabwereza, monga kulowetsa zitsime zatsopano mwezi uliwonse, ikonzeni mu ModelBuilder, mu Model Designer ya QGIS kapena mu Python, kuti izichitika mofanana nthawi zonse.

Mapu otuluka m'manja mwanu akhale ndi dzina lonse la dongosolo la ma coordinate ndi nambala ya EPSG, deti la deta, ndi kamzere kosonyeza mtunda, popeza sikelo yolembedwa m'manambala imanama mapu akangochepetsedwa kuti alowe mu PowerPoint. Zizindikiro za zitsime zitsatire zimene anthu a ntchitoyi anazolowera, ndipo pa mitundu samalani, chifukwa mapu ambiri amaika mafuta mobiriwira ndi gasi mofiira, koma makampani ndi mayiko ena amatembenuza, choncho bokosi lofotokoza zizindikiro lisasowe.

Wofuna kuyeserera zonsezi sakufunika deta ya kampani. Norwegian Offshore Directorate, North Sea Transition Authority ya ku United Kingdom, NLOG ya ku Netherlands ndiponso BOEM ndi BSEE za ku United States zimapereka kwaulere mafayilo a zitsime, mabuloko ndi mapaipi, ndipo mu 2018 kampani ya Equinor inatsegula deta ya munda wa Volve, wa m'buloko 15/9, umene unatulutsa mafuta kuyambira 2008 mpaka 2016. Tengani zitsime za ku Norway ndi za ku United Kingdom zoyandikana ndi malire a mayiko awiriwa, ziikeni pa mapu amodzi mu ED50 ya UTM zone 31N, kenaka mubwereze mu WGS 84 pogwiritsa ntchito njira ziwiri zosiyana zosinthira datum, ndipo muyeze mtunda umene chitsime chimodzi chasuntha pa njira iliyonse.